Mmene mungayambire macheza ndi munthu amene simunazolowerane naye, mu minibasi ngakhale ku ofesi

Alipo anthu odziwa ntchito yawo bwino, oti lipoti la masamba 20 alemba usiku umodzi, koma mukawasiya pa benchi ndi munthu wachilendo kwa mphindi 5 zokha, m'kamwa mumauma gwa. Amatulutsa foni nkumawerenga mauthenga omwe anawawerenga kale m'mawa. Ambiri a iwo amaganiza kuti macheza amafuna munthu wanthabwala, wa nkhani zosatha, ndiye poti iwo sanabadwe choncho amangokhala duu. Komatu wodziwa kucheza nthawi zambiri salankhula kwambiri. Amamupatsa mnzake funso losavuta kuyankha, amamvetsera yankho, nkutolamo poyambira funso lina. Zimenezi zimaphunzirika, ndipo zili ndi ndondomeko yake.

Choyamba: yang'anani musanatsegule pakamwa

Si munthu aliyense amene akufuna kucheza nthawi iliyonse. Amene watseka makutu ndi mahedifoni, amene akuwerenga ndalama, amene wangodula foni nkhope itasintha, mupatseni moni basi nkumusiya. Onaninso malo ndi nthawi. Bambo wachilendo akayamba kufunsa mayi amene ali yekha pa siteji madzulo kuti akupita kuti ndipo amakhala kuti, mayiyo sangaone macheza, aona chiopsezo. Masana pa mzere wa ku banki, pa chigayo kapena podikira dokotala, funso lomwelo silingaopse munthu.

Onaninso msinkhu wa munthuyo ndi amene ali nawo, chifukwa zimenezi ndi zomwe zikuuzeni mawu oyambira.

Chachiwiri: moni sadumpha

Kwathu kuno munthu salowa mu nkhani asanapereke moni. Mukafika pa kauntala nkungoti "Ndikufuna fomu," fomuyo akupatsani, koma mumtima akulembani kuti ndinu wamwano, ndipo tsiku limene mudzafune kuti akuthandizeni mwachangu mudzaona. M'mawa ndi "Mwadzuka bwanji?", dzuwa likapendeka ndi "Mwaswera bwanji?", ndipo kwa amene mwangokumana naye kapena simunaonane masiku ndi "Muli bwanji?" Izi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri amaphonya ndi kudikira yankho. Kufunsa munthu mmene wadzukira inu mukuyenda, nkhope ili kwina, kuli bwino kungokweza dzanja. Imani pang'ono, ayankhe, akubwezereni "kaya inu," muyankhe, mutsirize ndi "zikomo." Zonsezi sizitenga ndi theka la mphindi lomwe.

Pogwirana chanza ndi wamkulu, dzanja lamanzere ligwirizize mkono wamanja. Chipewa chichoke kumutu, manja achoke m'thumba. Ngati ndi gulu laling'ono, perekani moni kwa aliyense, kuyambira wamkulu. Kusankha bwana yekha nkudumpha enawo kumaoneka, ndipo amene mwawadumphawo saiwala.

Mukafika pa khomo la munthu, makamaka kumudzi, dongosolo limatembenuka. Inu mumangoti "Odi," nkudikira. Akakulandirani ndi kukupatsani pokhala, khalani, ndipo eni khomo ndi amene amabwera kudzakupatsani moni mmodzimmodzi. Malonje akatha ndi pamene amafunsa kuti "Nkwabwino?" Musathamangire kunena chimene mwabwerera muli chiimire. Anthu a m'tauni ambiri amagwa pamenepa: amafika ndi galimoto, injini osazimitsa, nkhani ya munda nkuiyamba ali pa zenera.

"Bho?" ndi "Shapu" ndi za anzanu a msinkhu umodzi. Kwa apongozi, kwa abusa, kwa munthu amene akukufunsani mafunso a ntchito, zisiyeni panja.

Chachitatu: mutchuleni munthu moyenera

Yambani ndi "inu." Kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe" kumachitika kokha mukazolowerana, koma kuyamba ndi "iwe" kenako nkufuna kukonza kumavuta. Dzina la wamkulu silitchulidwa lopanda "a" kutsogolo. Ngati dzina simukulidziwa, "bambo," "mayi," "achimwene," "achemwali," "agogo" zilipo, koma samalani ndi msinkhu. Mayi wa zaka za m'ma 40 amene wadzikonza bwino mukamuti "agogo," macheza athera pomwepo.

Mukadziwa mfunda wa munthu, muli ndi mwayi. Kumutchula bambo kuti "a Phiri," "a Mbewe," "a Jere," kapena mayi kuti "Nabanda," "Nankhoma," "Nangozo," kumamufika pamtima kuposa dzina la pa chiphaso. Chimodzimodzinso kutchula kholo ndi dzina la mwana wake, "amake Chikondi," "bambo a Mphatso," ngati ndi kumudzi kapena kumene mukukhala. Ku ofesi ndi ku misonkhano tsatani udindo: a Dokotala, Abusa, a Shehe, a Mfumu, Olemekezeka. Mwini wake akakuuzani kuti "Ingonditchulani dzina langa," pamenepo ndiye mwamasulidwa.

Nenani lanu dzina musanafunse la mnzanu. "Ine ndine Mwale, ndimakhala kuseri kwa msika uku" imatsegula njira yoti nayenso anene lake popanda kumva ngati akufufuzidwa. Akanena, libwerezeni pomwepo, "Zikomo a Gondwe," kuti likhazikike m'mutu. Mukaiwala dzina la munthu amene munakumana naye kale, musazembe kapena kumangoti "akulu, akulu" mpaka kusiyana. Nenani poyera: "Nkhope sindinaiwale, tinakumana ku ukwati ku Zomba, koma mundikumbutse dzina." Kutchula kumene munakumana kumachotsa ululu wa kuiwalikako.

Chachinayi: tengani nkhani imene nonse mukuiona

Nkhani yoyambira isakhale yanzeru. Ikhale yoti mnzanuyo angathe kuikapo mawu osaganiza kawiri: kutalika kwa mzere, kuchedwa kwa basi, fumbi, magetsi amene azima kuyambira m'bandakucha, mafuta amene akusowa pa mafilingi siteshoni. Kudandaula pang'ono pa chinthu chimene chikukuvutani nonse kumagwirizanitsa anthu msanga, bola musakhazikikepo.

Chaka chathu chimabwera ndi nkhani zake, ndipo wodziwa kucheza amangotsata kalendala. Okutobala ndi kutentha, ndipo wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akusekani mukamadandaula muli ku Dedza. Novembala ndi Disembala ndi mvula yoyamba, kubzala, ndi feteleza. Januwale ndi Febuluwale ndi fizi ya ana ndi mtengo wa thumba la chimanga. Malichi ndi Epulo ndi mondokwa ndi maungu, kenako misika ya fodya imatsegulidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dowa angakuuzeni za mitengo mpaka dzuwa kulowa. Juni ndi Julayi ndi chisanu, chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mwera kunyanja. Ogasiti amabwera ndi maukwati ndi miyambo, Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Umthetho ku Hora ku Mzimba, ndipo Okutobala ali ndi Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje.

Funso limodzi limene ndimaliona kuti siliphonya ndi lakuti "Mwalima chaka chino?" Mungamufunse mlonda, mungamufunse mkulu wa ku Capital Hill wovala tayi. Ambiri mwa anthu a m'tauni ali ndi kamunda kwinakwake, kaya kumudzi kaya kobwereka kunja kwa tauni, ndipo amene sanalime ali ndi mayi kapena azakhali amene anawatumizira ya feteleza.

Mpira nawo ndi khomo lalikulu, koma funsani kaye timu musanayambe kunyoza. Mukangoyamba kutafuna Manoma pamaso pa munthu amene magazi ake ndi a Wanderers, kapena kuseka Maule pamaso pa wa Bullets, ena amatenga ngati nthabwala, ena zimawakhala. Ku Lilongwe musaiwale kuti kuli a Silver Strikers. Ngati simukudziwa mbali yake, pitani pa zimene zimatigwirizanitsa tonse: chigoli chimene Gabadinho Mhango anamenya ali kutali pa masewero a Flames ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, ngakhale tinagonja 2-1, chikho cha COSAFA chimene Scorchers inatenga mu 2023, Tabitha ndi Temwa Chawinga, Mwawi Kumwenda ndi ma Queens. Musaganize kuti mayi sadziwa za mpira, kapena kuti bambo aliyense amautsata. Mukaona kuti mayankho akubwera ozizira, sinthani.

Chachisanu: funso lachiwiri

Apa ndi pamene macheza amafera kapena kukhalira moyo. Funso loyamba aliyense amatha. Chovuta ndi chimene mumachita ndi yankho.

Tiyerekeze muli mu basi yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mwapatsana moni ndi bambo amene mwakhala naye mpando umodzi. Mwafunsa, "Mukutsikira kuti?" Ayankha, "Ku Ntcheu." Munthu wosazolowera amati "Oo, chabwino," nkuyang'ana pa zenera mpaka pa Lizulu. Wodziwa amaona kuti m'mawu akuti Ntcheu muli poyambira.

"Pa boma penipeni kapena mulowa mkati?"

"Ayi, ndilowera ku Tsangano."

"Kwa kachewere kuja! Chaka chino wachita bwanji?"

"Aa, wachita, koma ogula ndi amene akutibera. Amabwera ndi matumba osokerera pamwamba."

"Ndiye inu mumagulitsira pamunda pomwepo kapena mumapita naye ku msika?"

Mwaona kuti simunanene chilichonse chanzeru. Funso lililonse latuluka m'yankho la bamboyo, ndipo tsopano akulankhula za chinthu chimene amachidziwa kuposa inu. Munthu akamakamba za chimene amachidziwa amamasuka, ndipo potsika adzanena kuti anayenda ndi munthu wodziwa kucheza, pamene inu munangofunsa mafunso 4.

Nchifukwa chake kudziwa kanthu kamodzi kabwino ka dera lililonse ndi chuma. Karonga ndi mpunga wa kilombero. Mwanza ndi manachesi. Mulanje ndi tiyi, nanazi ndi phiri. Mchinji ndi mtedza. Mangochi ndi chambo. Nkhata Bay ndi kondowole ndi nsomba ya batala. Dwangwa ndi Nchalo ndi nzimbe. Likoma ndi ulendo wa pa Ilala. Mzuzu ndi khofi ndi mvula yosaona nyengo. Tchulani chabwinocho, osati mbiri yoipa kapena nthabwala zonyoza mtundu wa anthu a kumeneko. Ndipo ngati simudziwa kanthu za kwawoko, kusadziwako ndi funso kale: "Sindinafikeko ku Chitipa, kuchoka ku Karonga ndi ulendo wotalika bwanji?"

Mafunso oyankhidwa ndi "eya" kapena "ayi" amatha msanga. "Ntchito ikuyenda?" imabala "Ikuyenda." Koma "Ntchito imeneyi munaiyamba bwanji?" imabala nkhani. Mawu monga bwanji, chiyani, nanga, ndi amene amatsegula pakamwa pa munthu.

Pomvetsera musakhale chete ngati mulibepo. Ife timamvetsera ndi mawu: "Eya," "Ehe," "Zoona?", "Aa, pepani," "Ndiye zinatha bwanji?" Wolankhula akapanda kumva timawu timeneti amaganiza kuti mwatopa naye. Foni ikhale m'thumba. Ndipo pewani chizolowezi cholanda nkhani: mnzanu wanena kuti anagona pa mzere wa mafuta usiku umodzi, inu nkuti "Aa, zochepa zimenezo, ine ndinagona masiku atatu." Mwapambana mpikisano, koma mnzanu watseka pakamwa.

Chachisanu ndi chimodzi: ikaniponi zanu

Mafunso okhaokha otsatizana amamupangitsa munthu kumva ngati waimitsidwa pa rodibuloko. Mukafunsa kawiri kapena katatu, nenani kanthu ka inu, kakafupi, kogwirizana ndi zimene wanena. "Ifenso kwathu ku Dowa mavenda amatero ndi soya." Mukatero mwamupatsa nayenso poyambira. Yankho lanu likhalenso ndi mchira. Wina akakufunsani kumene mumagwira ntchito, "Ku chipatala" ndi khomo lotseka. "Ku chipatala, mbali ya ana, ndiye nyengo ya mvula ino malungo satipatsa mpata" ndi khomo lotsegula.

Chachisanu ndi chiwiri: dziwani pamene pali minga

Ndale ndi zoyamba. Simungadziwe ngati amene mwakhala nayeyo ndi wa MCP, DPP, UTM kapena UDF, ndipo nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu imatha kutsetsereka mosazindikira nkukafika pa "boma lanuli." Mukaona kuti ikulowera kumeneko, ibwezeni: "Zonsezo tiziona, koma inu shuga mukumupeza kuti masiku ano?" Kutsutsana za chipembedzo ndi chimodzimodzi. Kufunsa kumene munthu amapemphera si kulakwa kwathu kuno, koma kuyamba kumuuza kuti Sabata lenileni ndi liti ndi nkhani ina.

Funso lakuti "Kwanu ndi kuti?" ndi lokoma mu basi ndi pa ukwati. Mu ofesi, makamaka ngati inu ndinu wamkulu ndipo mnzanuyo akufuna ntchito kapena wangoyamba kumene, limamveka ngati mukufufuza chigawo ndi mtundu wake. Dikirani alitchule yekha.

Za thupi la munthu zisiyeni. "Mwaondatu, mukudwala?" ndi mawu amene avulaza anthu ambiri chiyambire zaka zimene Edzi inavuta, ndipo ngakhale munthuyo akungochepetsa thupi mwadala, mwamuika pa mpando woti adzifotokoze. "Mwanenepatu" kale chinali chiyamikiro, ndipo agogo kumudzi akadali kunena ndi mtima wabwino, koma m'tauni ambiri sakondwera nazo. Mayi woyembekezera safunsidwa kuti ndi liti. "Mukwatiwa liti?" ndi "Mwana simunamuonebe?" ndi mafunso amene wofunsa amaiwala pofika kunyumba, koma wofunsidwa amagona nawo. Ngati mukufuna kufunsa za banja, "Kunyumba kuli bwanji?" ndi lotakasuka: wa ana atchula ana, wopanda ana atchula amayi ake.

Malipiro, ngongole, ndalama imene munthu anagulira foni kapena galimoto, ayi. Mukakumana ndi Mmalawi mnzanu ku Johannesburg kapena ku Cape Town, funsani za kumudzi ndi kumene amagula ufa ndi usipa, osati za mapepala ake. Munthu wa ku Chilobwe, ku Phalombe kapena ku Mulanje musamuyambe ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ngati nkhani yocheza. Simudziwa amene anamutaya.

Miseche imayenda bwino kwambiri pa macheza, ndipo nchifukwa chake ndi yoopsa. Dziko lathu ndi laling'ono. Amene mukumuuza za bwana wanu mu minibasi akhoza kukhala mlamu wake wa bwanayo.

Chachisanu ndi chitatu: ku ntchito

Malamulo ndi omwewo, koma nthawi ndi yochepa ndipo pali maudindo. M'mawa perekani moni kwa onse, kuyambira mlonda pa geti, wosesa, mesenjala, mpaka sekilitale. Kupatula kuti ndi umunthu, anthu amenewa ndi amene amadziwa ngati bwana alipo, ngati wadzuka bwino, ndi pamene fayilo yanu yagona.

Ndi bwana, macheza akhale aafupi ndipo atsogolere ndi iyeyo. Akakufunsani pa khonde kuti "Kunyumba kuli bwanji?" yankho ndi "Kuli bwino bwana, zikomo, kaya kwanu." Si nthawi yofotokoza za lendi ndi fizi. Ngati pali vuto lenileni, pemphani nthawi yake mukakambe muli pansi. Akapitiriza yekha, kunena za mvula kapena za Arsenal, mutsateni, koma akayang'ana wotchi kapena kompyuta, dziwani kuti zatha. Inu mukakhala bwana, dziwani kuti wamng'ono sangakuuzeni kuti mwamuchedwetsa, ndipo adzaseka nthabwala zanu ngakhale zosaseketsa. Dziletseni nokha.

Pa misonkhano ndi maphunziro a ku hotela, kaya ku Mponela, ku Salima kapena ku Mangochi, nthawi ya tiyi ndi imene anthu amadziwirana. Musathamangire pa tebulo la anzanu a ofesi imodzi. Yang'anani amene waima yekha ndi kapu m'manja. Ameneyo akuvutika ngati inu ndipo adzakuthokozani mumtima. Moni, dzina lanu, kumene mwachokera, kenako funso lochokera mu zimene zakambidwa: "Zija amanena za kusunga mbewu zija, kwanu ku Nsanje zingatheke?" Funso lakuti alawansi apereka liti lili m'mutu mwa aliyense, koma lisakhale loyamba kutuluka pakamwa panu kwa munthu amene simukumudziwa. Mwina ndi amene wakonza msonkhanowo.

Konzeranitu ziganizo ziwiri zonena chimene mumachita, m'mawu oti azakhali anu angamve. Dzina la udindo wanu m'Chingerezi silipatsa munthu pogwira. "Ndimayendera magulu a banki mkhonde ku Machinga, kuwathandiza kalembedwe ka mabuku" imabala funso nthawi yomweyo.

Pofuna kulowa pa gulu limene likucheza kale, imani pambali pang'ono, wina akakuyang'anani nenani "Zikomo, ndikhale nawo," mvetserani kaye mudziwe nkhani, kenako muikepo. Ngati anthu awiri ayandikizana mitu ndipo akulankhula motsitsa, apatseni mpata.

Chilankhulo tsatani cha wamkulu kapena cha mlendo. Ngati pa gulu pali mmodzi amene Chichewa samva, musamusiye akuyang'ana m'kapu. Mnzanu wa kumpoto mukamupatsa "Monire, muli uli?" nkuthokoza ndi "Yewo," kapena wa ku Mangochi "Ali uli?", nkhope imawala, ngakhale mawu anu athere pomwepo. Koma kuyerekeza kalankhulidwe kake ka Chichewa kuti anthu aseke, ayi.

Pa intavyu, "Mwayenda bwanji?" ndi funso longokukhazikani mtima pansi. "Ndayenda bwino, zikomo" yakwana. Nkhani ya minibasi imene inafera pa Kameza isungeni.

Alendo ochokera ku Britain, America kapena Germany ambiri amafunsa mmene muliri osayembekezera yankho lalitali, ndipo amalowa mu nkhani ya ntchito msanga. Si mwano, ndi chizolowezi cha kwawo. Afunseni za ulendo, za nyengo, ngati afikako kunyanja, ngati nsima aiyesa. Zaka zawo, mpingo wawo, chifukwa chimene sanakwatire, zisiyeni.

Pa foni, moni ukhale waufupi, nenani kuti ndinu ndani, ndipo funsani ngati ali ndi mpata. Pa WhatsApp ya ntchito, moni ndi nkhani zikhale mu uthenga umodzi. Kulemba "Moni bwana" nkudikira, akayankha nkulemba "Muli bwanji," nkudikiranso, kumatopetsa munthu wotanganidwa, ndipo ambiri akaona zotere amayamba kuganiza kuti kumapeto kwake kuli pempho la ndalama.

Pempho ndilo limawononga macheza ambiri a ku ntchito. Mwangodziwana ndi munthu mphindi 10 zapitazo, mwamva kuti ali ku bungwe lalikulu, pomwepo "Mundipezereko kantchito" kapena "Ndili ndi mphwanga anamaliza ku koleji." Munthuyo adzamwetulira, adzatenga nambala, ndipo sadzayankha. Lolani kudziwana kukule kaye.

Chachisanu ndi chinayi: pa ukwati ndi pa maliro

Pa ukwati kapena pa chinkhoswe funso lilipo kale lokonzeka: "Inu muli mbali ya kuchikazi kapena kuchimuna?" Kuchoka apo mufunsa ubale wake ndi akwati, muyamikira kwaya, mavalidwe, kavinidwe ka pa perekaniperekani. Musanene kuti chakudya chachepa kapena kuti ukwatiwu sukhalitsa. Amene mukumuuzayo mwina ndi nkhoswe.

Pa maliro mawu amachepa. Kwa anamfedwa, "Pepani" ndi kukhala nawo pansi zakwana. Musafunse kuti anadwala chiyani. A banja adzafotokoza okha nthawi yake ikakwana, mmene akufunira. Kunja, pa moto wa usiku kapena podikira mwambo, anthu amacheza ndithu, za mvula, za kumudzi, za ubwino wa malemuyo, koma motsitsa mawu. Mukaona bwana amene mwakhala mukumufuna miyezi, mupatseni moni basi. Za tenda yanu mukamupeze ku ofesi.

Chakhumi: kutsanzika

Macheza akayamba kuzirala, mayankho afupika, maso ayamba kuyendayenda, musawakakamize. Kukhala chete pang'ono si tsoka; anthu awiri angathe kukhala pa benchi limodzi osalankhula popanda cholakwika. Yesani nkhani ina kamodzi. Ikapanda kugwira, tsanzikani macheza asanafike potopetsa.

Kutsanzika kuli ndi mbali zitatu zazifupi: chifukwa, kuthokoza, ndi mawu a ulendo. "Ndisakuchedwetseni, ndikaoneko anzanga uko. Tacheza bwino a Gondwe, mwandiphunzitsa za mpunga. Mukapereke moni kunyumba." Kutchula kanthu kamene ananena kumasonyeza kuti munamvadi. Ngati mwagwidwa ndi munthu wa nkhani zosatha, dikirani apume, mulowe ndi dzina lake: "A Tembo, nkhani imeneyi ndi yofunika kukhalira pansi, koma andidikira." Osangotembenuka nkuchoka wina ali pakati pa chiganizo. Mlendo wobwera kwanu mumuperekeze, ngakhale kungofika pa geti.

Nambala ya foni pemphani pokhapokha pali chifukwa, ndipo chinenedwe: "Mundipatse nambala ndikutumizireni dzina la mankhwala a mbozi aja." Mukalonjeza, tumizani tsiku lomwelo. "Ndikuimbirani" wongotsanzikira amakuchotserani ulemu mukadzakumananso.

Mukasiyana ndi munthu amene mukuona kuti mudzakumana nayenso, lembani mu foni pansi pa dzina lake mawu awiri kapena atatu: kwawo, timu yake, mwana amene akulemba mayeso a Fomu 4. Mukadzakumana pakatha miyezi, simudzavutikanso ndi poyambira, chifukwa moni ukangotha funso ndi lakuti, "Mtsikana uja mayeso anayenda bwanji?"

Ngati zonsezi zikuoneka zambiri, musayambire pa bwana kapena pa msonkhano waukulu. Yambirani pamene kulakwitsa kulibe mtengo: mayi amene mumagulako tomato, wa kabaza amene amakunyamulani m'mawa, wometa tsitsi. Mawa mukamagula tomato, moni ukatha, funsani kumene amakapikula, ndipo akayankha kuti ku Bembeke kapena ku Jenda, funsani kuti amanyamuka nthawi yanji kuti afike pa msika m'mawa chonchi.